SIKELO YA UBONGO: Kodi makina awiri anganene zofanana za mutu umodzi?

Mlimi aliyense amene anagulitsapo cimanga pa depoti adziwa mmene mtima umagundira pamene thumba lace likwezedwa pa sikelo. Kunyumba analiyesa ndipo linakwana makilo 50, koma pa depoti muvi wa sikelo waima pa 48. Kodi cimanga catayika panjira, kapena cauma, kapena imodzi mwa masikelo awiriwo ndiyo iri kunama? Funso lomweli, awerengi athu, ndilo lasautsa kwa zaka zambiri akatswiri amene amafufuza za matenda a kuiwala amene amagwira anthu okalamba.

Cimene iwo amayesa si thumba la cimanga ai, koma ubongo wa munthu wamoyo, ndipo sikelo yao ndi makina akulu ojambula za m'kati mwa mutu ochedwa MRI. Makilo awiri a cimanga akasowa, mlimi amataya ndalama pang'ono. Koma muyeso wa ubongo ukalakwika, banja lingauzidwe kuti kholo lao liri kutha msanga pamene siziri tero, ndipo mankhwala opanda pace angayamikiridwe pamene ena othandiza atayidwa.

Tiyerekeze ndi banja lina la ku Kabwata muno m'Lusaka, pakuti nkhani zotere si zacilendo. Mwana wamwamuna wakatenga amai ace kumudzi ca ku Katete cifukwa anayamba kucita zodabwitsa. Amathira mcere kawiri m'ndiwo. Amaitana mdzukulu wao ndi dzina la mlongo wao amene anamwalira kalekale. Tsiku lina m'mawa ambuya aja aturuka, ati ali kupita kudimba, ndipo apezeka madzulo pafupi ndi msika wa Kamwala, osadziwa njira yobwerera. Dotolo alamula kuti akajambulidwe mutu, ndipo ajambulidwa pa cipatala cina ca m'tauni. Patapita caka, banja lisonkha ndalama niliwatengera ku cipatala colipira ca ku Woodlands kapena ku Kabulonga, kumene ajambulidwanso ndi makina a mtundu wina. Poika zithunzi ziwirizo pamodzi, mbali ina ya ubongo ioneka ngati yacepa. Tsono ndani wacepetsa mbali imeneyo, matenda kapena makina?

SI UFITI, NDI MATENDA

Tisanayankhe, ndi bwino kuyamba tadziwa matendawo. Madotolo amawachula kuti dementia. Si matenda amodzi, koma ndi dzina la matenda angapo amene amaononga ubongo pang'onopang'ono kufikira munthu alephera kukumbukira, kuganiza bwino ndi kudzisamala yekha. Kuiwala pang'ono kumabwera ndi ukalamba, monga kuiwala pamene waika fodya kapena makiyi. Koma kuiwala njira ya kumudzi kumene wakhalako zaka 60, kapena kusazindikira mwana wako wobala wekha, si ukalamba wamba.

Mtundu wofala kwambiri umachedwa ndi dzina la Dr Alois Alzheimer wa ku Germany, amene m'caka ca 1906 anafotokozera madotolo anzace za mai wina, Auguste Deter, amene anadwala kuiwala koopsa asanakalambe kwenikweni. Mai uja atamwalira, dotoloyo anapenda ubongo wace napeza kuti unali utafota ndipo munali timibulu ndi timaulusi tacilendo. Bungwe la za Umoyo pa Dziko Lonse limanena kuti mwa odwala 100 alionse a kuiwala, pakati pa 60 ndi 70 ali ndi mtundu umenewu. Mtundu wina umene uyenera kutidetsa nkhawa kuno kwathu ndi wobwera kaamba ka kuonongeka kwa mitsempha ya magazi m'ubongo, makamaka mwa anthu amene akhala zaka zambiri ndi matenda a kuthamanga kwa magazi osamwa mankhwala, kapena amene anadwalapo sitiroko.

Bungwe lomwelo linawerenga kuti anthu oposa 55 miliyoni pa dziko lonse ali ndi matendawa, ndipo oposa theka la iwo amakhala m'maiko osalemera monga lathu. Lipoti la bungwe la Alzheimer's Disease International la caka ca 2017 linati m'maiko a mu Africa a kum'mwera kwa cipululu ca Sahara munali odwala 2.13 miliyoni m'caka ca 2015, ndipo ciwerengeroco cidzafika pa 7.62 miliyoni pomafika 2050, cifukwa anthu ali kukhala ndi moyo zaka zambiri kuposa kale.

Cacisoni ndi cakuti kumidzi, ndiponso m'makomboni a m'tauni, nkhalamba yopezeka usiku pakhomo la eni, mwina yosabvala bwino, yolankhula zosamveka, imachulidwa mfiti imene yagwa paulendo. Ena amenyedwa, ena apitikitsidwa pamudzi, ndipo ena aphedwa. Awerengi akumbukire kuti lamulo la dziko lino lonena za ufiti, limene linakhazikitsidwa m'caka ca 1914 ndipo likali m'mabuku a malamulo, limaletsa kuchula munthu wina kuti ndi mfiti. Apa ndi pamene cithunzi ca ubongo ciri ndi mphamvu imene mau a dotolo okha alibe. Mwana akaonetsa acibale cithunzi ca mutu wa amai ace, nawalozera pamene pafota, mikangano yambiri imazirala. Ndico cifukwa cace cithunzico ciyenera kunena zoona.

MMENE MAKINAWO AMAONERA M'MUTU

Makina a MRI sagwiritsa nchito ceza ca ekiselo. Mtima wace ndi maginito wamkulu wobulungira, wokhala ndi mphako pakati m'mene wodwala amalowetsedwa cogona. Gawo lalikulu la thupi la munthu ndi madzi, ndipo m'madzimo muli tinthu tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso timene timatembenuka tikakhala pafupi ndi maginito, monga muvi wa kampasi umalozera kumpoto. Makinawo amatumiza mafunde onga a wailesi amene amatigwedeza tinthuto, ndipo pamene tibwerera m'malo mwace timaturutsa kamau kofooka kwambiri. Cisoti cimene wodwala amabvekedwa kumutu cimatola kamauko, ndipo kompyuta imakasandutsa zithunzi. Zithunzizo zimaonetsa ubongo m'zigawozigawo, monga mai amaduladula dzungu, koma popanda mpeni kukhudza khungu. Paul Lauterbur wa ku America ndi Peter Mansfield wa ku Nottingham ku England, amene anatsegula njira imeneyi m'zaka za m'ma 1970, analandira mphotho ya Nobel m'caka ca 2003.

Mphamvu ya maginito imayesedwa ndi muyeso wochedwa tesla. Makina ofala m'zipatala ndi a matesla 1.5, ndiko kuti mphamvu yoposa ya maginito a dziko lapansi pafupifupi nthawi 30,000. Alipo ena a matesla 3, ndipo alipo ena ofooka kwambiri. Makina amphamvuwo amakhala ndi mawaya oziziritsidwa ndi mpweya wa helium wosandutsidwa madzi, wozizira kufika pa madigiri 269 pansi pa ziro, ndipo zoziziritsirazo zimafuna magetsi usana ndi usiku. Amene anakhala m'Lusaka m'caka ca cilala ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima tsiku ndi tsiku, angamvetse cifukwa cace makina otere ndi obvuta kusunga, ndi cifukwa cace wodwala sapeza nthawi zonse makina omwewo amene anamjambula poyamba.

Cithunzi ca mutu wa munthu woiwala cimagwira nchito ziwiri, ndipo ndi kofunika kuzisiyanitsa. Yoyamba ndi kufunafuna zinthu zazikulu zimene zingacititse munthu kuiwala koma zingathe kuciritsidwa: cotupa, madzi ocuruka m'kati mwa ubongo, kapena magazi amene anaundana pansi pa cigaza nkhalamba itagwa ndi kumenyetsa mutu milungu ingapo yapitayo. Pa nchito iyi awerengi asakaike. Makina alionse abwino, a m'cipatala ca Boma kapena colipira, amaona zinthu zotere, ndipo zambiri mwa izo zimaonekanso ndi makina ena ochedwa CT amene ndi ochipirako. Bvuto limabuka pa nchito yaciwiri, ndiyo kuyesa kufota kwapang'ono kumene maso sangakuone.

MADONTHO ATATU KAPENA ANAI

M'kati mwa ubongo, mbali zonse ziwiri, ca pamzere wa makutu, muli kanthu kopindika kochedwa hippocampus. Ndiko kamene kamasunga zinthu zatsopano zimene munthu waona ndi kumva, ndipo ndiko kamayamba kuonongeka m'matenda a Alzheimer. Ici ndico cifukwa cace ambuya amakumbukira bwino nyimbo za pa cinamwali cao koma aiwala kuti adya kale nsima. Kanthu kameneka ndi kakang'ono, kosadzaza ndi supuni ya tiyi yomwe. Mwa munthu wokalamba wabwinobwino kamacepa ndi gawo limodzi kapena awiri mwa magawo 100 pa caka. Mwa wodwala Alzheimer kamacepa ndi magawo 4 kapena 5. Tikawerenga bwino, kufota kwa caka cathunthu mwa wodwala kungafanane ndi madontho atatu kapena anai a madzi. Umenewu ndiwo muyeso umene makina ayenera kuupeza m'kati mwa cigaza, ndipo kusiyana kwa makina awiri pa mutu umodzi tsiku limodzi nthawi zina kumafika pomwepo, kapena kupitirira.

Zifukwa zace ndi zambiri. Makina a matesla 3 amaonetsa malire a pakati pa mnofu wotuwa ndi mnofu woyera wa ubongo mosiyana ndi a matesla 1.5, ndipo malire akasuntha pang'ono, muyeso nao usintha. Makampani opanga makinawa, monga Siemens, GE ndi Philips, aliyense ali ndi njira yace yojambulira. Mphamvu ya maginito siikhala yolingana paliponse m'mphako muja, kotero kuti cithunzi cimapindika pang'ono ca m'mphepete, monga nkhope ya munthu imatalika kapena kufupika m'galasi lochipa la pamsika. Mutu ukagonekedwa patsogolo pang'ono kapena pambuyo pang'ono, kupindikako kumagwera pena. Wodwala akagwedezeka, ndipo okalamba oiwala ndiwo amabvutika koposa kugona duu, cithunzi cimacita cizirezire ndipo kompyuta imawerenga ubongo ngati wacepa. Ngakhale makina omwewo amasintha akakonzedwa kapena akapatsidwa malangizo atsopano a kompyuta. Akatswiri anapezanso kuti ubongo weniweniwo umasintha pang'ono malinga ndi madzi amene munthu wamwa ndi nthawi ya tsiku imene wajambulidwa, monganso cimanga ca m'mawa camame cisiyana kulemera ndi ca masana.

Kwa dotolo woona wodwala mmodzi, zimenezi zimamphunzitsa kusamala. Koma kwa ofufuza ndi nkhani yaikulu zedi. Pofuna kudziwa ngati mankhwala atsopano amacedwetsa kufota kwa ubongo, pamafunika anthu mazanamazana kapena zikwi, ndipo palibe cipatala cimodzi cimene cingawapeze onse. Amasonkhanitsa zithunzi kucokera ku zipatala makumimakumi. Ngati masikelo onsewo sagwirizana, phindu la mankhwala lingabisike m'phokoso la makina, kapena phokosolo lingaoneke ngati phindu.

MUTU WA MIPIRA

Ogula mbeu ali ndi mankhwala ace a bvuto lotere. Nduna za Boma zoona za miyeso, zimene lero ziri pansi pa bungwe la Zambia Metrology Agency, zimayendera masikelo zitanyamula miyala yacitsulo yodziwika kulemera kwace. Mwala wa makilo 20 ukalemera 19, wolakwa ndi sikelo. Ofufuza za ubongo anacita cimodzimodzi.

M'caka ca 2004 ku America ndi ku Canada kunayambika kafukufuku wamkulu wochedwa ADNI, wotsogoleredwa ndi Dr Michael Weiner. Poyamba analemba anthu okalamba pafupifupi 800 m'zipatala zoposa 50: ena abwinobwino, ena oyamba kuiwala, ndi ena odwala Alzheimer, ndipo anali kuwajambula mobwerezabwereza. Gulu la Dr Clifford Jack wa ku Mayo Clinic linapatsidwa nchito yogwirizanitsa makina. Linakonza malangizo amodzi ojambulira oti makina a makampani onse atsate, ndipo linatumiza ku cipatala ciriconse mutu wopanga. Mutuwo ndi cibulunga ca pulasitiki cacikulu ngati mutu wa munthu, codzala madzi, ndipo m'kati mwace muli timipira 165 tomangidwa pa malo odziwika bwino lomwe. Pa Cingelezi amauchula phantom, ndiko kunena mzukwa, koma ndi mzukwa wosaopsa mwana. Popeza mutu umenewu sukalamba, sudwala ndipo sugwedezeka, timipira tikaoneka titasuntha pa cithunzi, aliyense adziwa kuti asuntha ndi makina. Mwa njira iyi anagwira makina angapo amene anali kutalikitsa kapena kufupikitsa zithunzi eni ace osadziwa, ndipo anakonza miyeso.

Koma mipira si ubongo. Cifukwa cace ena anayesa njira yaciwiri, yotumiza anthu amoyo kuti akajambulidwe paliponse. Ku Japan anyamata 9 athanzi anayenda m'malo 12 ojambulira, aliyense kulowetsa mutu wace womwewo m'makina osiyanasiyana, ndipo zotsatira zace zinasindikizidwa m'caka ca 2019. Mutu ukakhala umodzi, kusiyana konse kwa zithunzi ndi kwa makina, ndipo kukadziwika kungacotsedwe.

Njira yacitatu ndi ya masamu. Yochuka ndi ina yochedwa ComBat, imene inapangidwa m'caka ca 2007 kaamba ka nchito ina ya m'malabotale, ndipo patapita zaka khumi inayamba kugwiritsidwa nchito pa zithunzi za ubongo. Imayang'ana miyeso yonse yocokera ku makina amodzi, niona ngati yapendekera mbali imodzi, niiongola. Njirayi ndi yochipa ndipo ndi yothandiza, koma ife tiona kuti m'mzinda wonga Lusaka iyenera kugwiridwa ndi manja awiri. Tinene kuti makina a ku Kabulonga amajambula makamaka anthu opeza bwino, ophunzira, amene amabwera matenda atangoyamba, pamene makina a m'cipatala ca Boma amajambula alimi amene afika matenda atakula kale. Miyeso ya malo awiriwo idzasiyana ndithu, koma kusiyana kwina ndi kwa anthu, osati kwa makina. Masamu osasamala angafafanize zonse pamodzi, monga wolima amene azula mapira pamodzi ndi udzu.

PHUNZIRO LA BLANTYRE NDI LUSAKA

Kuno kwathu phunziro la makina osiyana linabwera kudzera m'matenda a ana, osati a okalamba. M'caka ca 2008 cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre m'dziko la Malawi cinalandira makina a MRI a matesla 0.35, mwa khama la Dr Terrie Taylor wa ku Michigan State University, amene anakhala zaka zambiri ali kufufuza za malungo a m'bongo. Makinawo anali ofooka poyerekeza ndi a m'zipatala za ku Ulaya, komabe anaulula cinsinsi cimene cinasautsa madotolo kwa zaka zambiri. Lipoti la caka ca 2015 linaonetsa kuti mwa ana 168 amene anajambulidwa, 25 anamwalira, ndipo 21 mwa iwo anali ndi ubongo wotupa koopsa, umene unapanikiza mbali imene imayendetsa kupuma.

Kutupa ndi cinthu cacikulu, ndipo makina ofooka anakuona bwino. Koma pofuna kudziwa cimene cimatupitsa ubongowo panafunika kuona timitsempha ta magazi tating'ono, zimene makina a ku Blantyre sakanatha. Pamenepo ofufuza, pamodzi ndi madotolo a muno m'Zambia ndi Dr Sam Kampondeni wa ku Malawi, anajambula ana 16 odwala malungo omwewo muno m'Lusaka ndi makina a matesla 1.5, ndipo zimene anapeza zinasindikizidwa m'caka ca 2018. Makina onse awiri ananena zoona, koma lirilonse linayankha funso lace. Sikelo ya pa depoti ndi yabwino pa matumba, koma wogulitsa golide sangaigwiritse nchito.

Nkhani iyi yakula tsopano cifukwa kwabwera makina ang'onoang'ono oyenda pa mawilo, a matesla 0.064 okha, amene amalumikizidwa ku magetsi a pakhoma ndipo safuna helium. Analoledwa kugwira nchito ku America m'caka ca 2020, ndipo cipatala ca Queen Elizabeth cinali pakati pa zoyamba mu Africa kuwayesa. Makina otere ndiwo angathe tsiku lina kufika ku zipatala za m'maboma monga Petauke, Katete ndi Lundazi, kuti nkhalamba isamayende makilomita mazanamazana pa basi kudzajambulidwa ku Lusaka. Koma zithunzi zace si zakuthwa, ndipo ofufuza akali pa nchito yojambula anthu omwewo ndi makina ang'ono ndi akulu omwe kuti adziwe pamene miyeso igwirizana ndi pamene isiyana.

KADI LA KU SIKELO

Palinso funso lina limene, m'kuona kwathu, liposa onse. Mai aliyense adziwa kadi la mwana la ku sikelo, lokhala ndi mizere yosonyeza njira imene mwana wathanzi ayenera kukwera nayo. Kulemera kwa mwana pakokha sikunena kanthu kufikira kutaikidwa pa mizereyo. M'caka ca 2022 akatswiri a ku Cambridge ndi ku Philadelphia, pamodzi ndi anzao ambiri, anasindikiza kadi lotere la ubongo, kuyambira mwana wosabadwa kufikira nkhalamba ya zaka 100. Anasonkhanitsa zithunzi pafupifupi 124,000 za anthu oposa 100,000, ndipo nchito yaikulu inali yomweyi yogwirizanitsa makina. Koma iwo eni anabvomera kuti anthu ambiri a m'kadilo ndi a ku Ulaya ndi ku America. A mu Africa ndi owerengeka.

Tsono ambuya a ku Katete akaikidwa pa kadi limeneli, ali kuyerekezedwa ndi nkhalamba zimene zinakula ndi zakudya zina, zosadwalapo malungo, zosasenzapo mtsuko wa madzi, zimene zinakhala m'sukulu zaka zambiri. Mwina miyeso idzafanana, mwina ai. Njira yodziwira ndi imodzi yokha, ndiyo kujambula okalamba athu athanzi ambiri, a kumidzi ndi a m'tauni, ndi makina ogwirizana. Nchito yotere siingatheke ngati makina a m'Lusaka, a ku Copperbelt ndi a ku Blantyre aliyense ayimba nyimbo yace. Mutu wa mipira ndi wochipa kutalitali poyerekeza ndi makina eni ace, ndipo ungathe kuyenda pa galimoto kucokera ku cipatala cina kupita ku cina m'mawa umodzi.

Anthu oti agwire nchitoyi ayamba kupezeka. Kufikira caka ca 2018 dziko lino linalibe sukulu yophunzitsa madotolo a za ubongo ndi mitsempha. M'caka cimeneco maphunzirowo anayambika pa University of Zambia ndi pa cipatala cacikulu ca University Teaching Hospital, ndipo oyamba anatsiriza m'caka ca 2020. Cipatala ca Chainama Hills, cimene ciri pa mseu wa Great East munthu asanafike ku Chelstone, ndico cakhala cikulandira odwala maganizo kuyambira m'zaka za m'ma 1960, ndipo m'caka ca 2019 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano loteteza ufulu wa odwala otere m'malo mwa lakale la nthawi ya atsamunda.

Kunja nako zinthu ziri kusintha. M'caka ca 2023 dziko la America linaloleza mankhwala ochedwa lecanemab, amene amacedwetsa pang'ono matenda a Alzheimer akangoyamba, ngakhale saciritsa. Ndi okwera mtengo kwambiri, ndipo nthawi zina amatupitsa ubongo kapena kutaitsa timagazi m'kati, kotero kuti wolandira ayenera kujambulidwa kangapo ndi kuyerekeza cithunzi ca lero ndi ca mwezi watha. Mankhwala otere akadzafika kuno, funso la makina ogwirizana silidzakhalanso la ofufuza okha.

ZIMENE BANJA LINGACITE

Tibwerere ku Kabwata. Dotolo wanzeru akaona zithunzi ziwiri zija sadzathamangira kuweruza. Adzafunsa kaye makina amene anajambula ciriconse ndi mphamvu yace. Kenaka adzatembenukira kwa mpongozi amene amakhala ndi ambuya tsiku lonse, ndi kumfunsa zimene amatha caka catha zimene satha lero: kuphika, kusamba okha, kuwerenga ndalama, kupita ku chalichi ndi kubwerako. Matenda a kuiwala sadziwika ndi cithunzi cokha. Alipo anthu a ubongo wooneka wofota amene nzeru zao ziri bwinobwino, ndipo alipo odwala kwambiri amene zithunzi zao sizisonyeza zambiri. Mboni yoyamba ndi banja. Ndi bwino tsono kuti wopita ndi wodwala ku cipatala akhale munthu amene amakhala naye, osati amalume amene angobwera kudzalipira.

Wodwala ayenera kuyesedwanso magazi, pakuti kusowa kwa vitamini B12, matenda a cithokomiro, cindoko cakale ndi kacirombo ka HIV zingabweretse kuiwala kumene mankhwala angakucepetse. Mowa wambiri ndi cisoni cacikulu, monga ca maliro a mwamuna kapena mkazi, nazo zimasokoneza cikumbumtima. Ndipo kuiwala kobwera mwadzidzidzi, kwa masiku ocepa, makamaka munthu atagwa kapena atatentha thupi, si kodikira basi ya mwezi wamawa. Apite ku cipatala capafupi tsiku lomwelo.

Kwa amene sanadwale, gulu la akatswiri la magazini ya zamankhwala ya Lancet linanena m'caka ca 2024 kuti pali zinthu 14 zimene zikapewedwa zingaletse kapena kucedwetsa pafupifupi theka la matendawa. Zina mwa izo ndi kuthamanga kwa magazi, matenda a shuga, fodya, mowa, kubvulala mutu, kugontha ndi kusaona kosathandizidwa, kukhala wekhawekha, ndi kusapita ku sukulu paubwana. Kuyesa kuthamanga kwa magazi kumacitika pa kiliniki ya kumudzi komweko.

Amene auzidwa kukajambulitsa kholo lao asunge zonse zimene apatsidwa: kalata ya dotolo wowerenga zithunzi, zithunzi zenizeni, ndi diski ngati iripo, pakuti ndi m'diskimo m'mene mwalembedwa dzina la makina ndi mmene anawachera. Azisunge m'pepala la pulasitiki, kutali ndi dzuwa ndi cinyezi. Ngati padzafunika kujambulanso, apemphe kuti kucitike pa makina omwewo, ndipo ngati sikutheka, auze dotolo poyera kuti cithunzi coyamba cinatengedwa kwina.

Pa tsiku lojambula, wodwala abvule ziriconse zacitsulo: ndolo, zibangiri, mapini a pa duku, ndalama ndi makiyi, pakuti maginito amazikoka ndi mphamvu yoopsa. Ngati anaikidwapo citsulo m'thupi pa opaleshoni, kapena kabatire kothandiza mtima, kapena kacidutswa ka citsulo kanamlowapo m'diso posula makasu, anene asanalowe m'cipindamo. Kujambula kumatenga pafupifupi theka la ola, nthawi zina kupitirira, ndipo sikupweteka. Koma makinawo amagogoda ndi kulira ngati cigayo, ndipo nkhalamba yoiwala ingacite mantha ndi kufuna kudzuka. Wodwala amapatsidwa zotseka m'makutu, ndipo m'zipatala zambiri wacibale mmodzi, atafunsidwa mafunso omwewo ndi kubvula zitsulo zace, amaloledwa kukhala pambali ndi kumgwira phazi kufikira makina atatonthola.